Mawu oti halali amene ndinalemba pa botolo la chammwamba

Inu owerenga, ine ndinalemba mawu amodzi pa botolo ndisanawatsimikize, ndipo mawuwo anakapweteka mayi amene anandiyamwitsa. Palibe amene anamwalira pa nkhaniyi, palibenso amene anagonekedwa m'chipatala, ndiye mwina ena muiona ngati yaing'ono. Kwa ine si yaing'ono. Mayina a anthu ndasintha, koma zochitikazo ndi momwemo.

Ndinabadwira ku Nkhotakota konkuno, m'banja la mpingo wa Angilikani. Nditangobadwa mayi anga anadwala kwambiri mpaka mkaka unasiya kutuluka. Mnzawo wa khomo loyandikana nalo, Mayi Mwanaisha, amene ndi Msilamu, analinso ndi khanda nthawi imeneyo, ndiye anangonditenga n'kumandiyamwitsa pamodzi ndi mwana wawo. Mayi anga anachira, koma anadzamwalira ine ndili kusekondale. Kuyambira pamenepo munthu amene ndimamutchula kuti amayi ndi Mayi Mwanaisha. Iwo amanditchula kuti Mkhristu wanga, ndipo amanena mawuwo monyadira ngati akunena za mbuzi yawo yonenepa. Amagulitsa mpunga ndi zitumbuwa pamsika, mawondo awo ndi ovuta, koma pakamwa pawo mpathanzi ndithu.

Bizinesi yanga inayamba nditapita ku maphunziro ena a magulu a amayi. Kumeneko anatiuza kuti masamba a chammwamba, ufa wa malambe ndi maluwa a chidede muli tinthu totchedwa antiokisidanti, timene amati timathandiza thupi kuti lisamafooke msanga. Mawu amenewo ndinawakonda kuposa phunziro lenilenilo. Ndinkawatchula m'mawa, masana, ngakhale pothira mchere m'ndiwo, mpaka amuna anga, amene ndi mphunzitsi wa pulayimale, anayamba kunditchula kuti Mayi Antiokisidanti. Ndinayamba kuyanika masamba, kusinja, kusefa ndi kumanga m'timapepala ta pulasitiki. Malonda ake anali oyenda ngati kamba. Kwathu kuno mtengo wa chammwamba uli kuseri kwa bafa ya aliyense, ndiye munthu angagulirenji ufa wake? Anthu a m'maofesi nawonso ankati fungo lake limawakumbutsa msipu.

Kenaka ndinamva za bambo wina wa ku Lilongwe amene amagulitsa makapisozi opanda kanthu m'kati, pamodzi ndi kathabwa ka mabowo kodzazira ufa. Nditaika ufa womwe uja m'makapisozi n'kuwathira m'timabotolo toyera, zinthu zinasintha. Aphunzitsi, alembi a paboma, ogwira ntchito ku Dwangwa, onse anayamba kundifuna. Masamba omwe ankawanyoza aja atavala jekete anasanduka a mtengo wapatali.

Botolo limafuna lebulo, kapepala kaja konena zimene zili m'kati. Apa ndi pamene ndinayambira kuterereka. Ndinatsegula foni yanga n'kuyang'ana zithunzi za mabotolo a kunja, ndipo manambala amene ndinaona kuti ndi okongola ndinawakopera. Ndinalemba kulemera kwa kapisozi aliyense ngati ndinamuyeza, ndinalembanso kuchuluka kwa antiokisidanti ngati ndinawerenga ndi maso anga. Pansi pake ndinaika mawu akuluakulu oti zochokera ku zomera zokha. Sindinkadziona ngati wabodza ayi. Ndinkaganiza kuti chammwamba ndi chammwamba basi, kaya cha ku India kaya cha kwathu kuno ku Mwadzama.

Botolo loyamba ndinapatsa amayi ngati mphatso. Patapita nthawi anandiuza kuti mawondo ayamba kuwamvera. Kaya anali makapisoziwo kaya chinali chikondi chabe, sindikudziwa mpaka lero. Koma amayi akakonda chinthu sachikonda mwakachetechete. Anapita nalo botolo ku dawa, kumene amayi a Chisilamu amakumana pophunzira za chipembedzo, n'kuyamba kuuza anzawo kuti mwana wawo wayamba kupanga zinthu za chizungu. Tsiku lina anabwera kwathu n'kundiuza kuti anzawo akufunsa ngati makapisoziwo ali halali, ndiye kuti ololedwa kudya kwa Msilamu. Ine ndinaseka mpaka kugwira m'mimba. Ndinawafunsa kuti tsamba lingakhale loletsedwa, haramu, bwanji, pamene masamba ena ndimathyola mumtengo wa kuseri kwa nyumba yawo yomwe. Iwonso anaseka, n'kupita kukauza anzawo kuti mwana wawo watsimikiza.

Posindikiza malebulo otsatira ndinawonjezera mawu oti halali, ndipo pambali pake ndinaikapo kachithunzi ka mwezi. Amuna anga atawaona anandifunsa ngati mawu amenewo amangolemba aliyense, kapena pali anthu amene amayamba aona kaye. Ndinawayankha kuti iwo azisamala za choko, za bizinesi asiyire eni ake. Yankho limenelo ndimalikumbukira ndi manyazi.

Makomo a Asilamu ananditsegukira chifukwa cha amayi. Anthu sankawerenga n'komwe lebulo yonse. Ankangoona kamwezi kaja, n'kumva kuti uyu ndi mwana wa Mwanaisha, basi atenga.

Mtima wofuna kukula unandipititsa kwa akuluakulu oona za miyezo ya katundu, chifukwa masitolo a m'tauni salandira katundu wopanda chidindo chawo. Kunabwera mayi wina wofatsa, anaona pamene ndimayanikira, pamene ndimasinjira, n'kutenga mabotolo angapo kukawayeza. Atabweranso anakhala nane pakhonde n'kundifotokozera bwinobwino, mopanda kundinyoza. Anati makapisozi anga sankalemera mofanana, ena anali odzaza ena a theka, chifukwa ndinkadzaza ndi manja ndikucheza. Anatinso mphamvu ya ufa inali yotsika kwambiri poyerekeza ndi nambala ya pa lebulo. Chifukwa chake ndinkachidziwa ndekha. Masamba amayenera kuuma pamthunzi, koma nthawi ya mvula dzuwa likangotuluka ndinkawathamangitsira pabwalo kuti aume msanga, ndipo dzuwa limawotcha zomwe zija ndinkanyadira pa lebulo. Zonsezi ndinavomera mosavuta, popeza zinali zokonzeka.

Atatsala pang'ono kunyamuka analoza mawu oti halali aja n'kundifunsa kuti chigoba cha kapisozi, chija chimakuta ufa, ndi chopangidwa ndi chiyani. Ndinati sindinaganizepo, mwina ndi kapulasitiki kosungunuka. Anatsegula kapisozi mmodzi, anakhuthula ufa, n'kuponya chigobacho pa makala a mbaula imene inali pafupi. Fungo limene linatuluka ndi lija limamveka anthu akamawawula mutu wa mbuzi. Anandiuza kuti tsamba silinunkha choncho. Anati makapisozi ambiri amapangidwa ndi jelatini, chinthu chochokera ku zikopa ndi mafupa a nyama, ndipo nyamayo ikhoza kukhala ng'ombe kapena nkhumba. Alipo ena opangidwa ndi zomera, koma wogulitsa amayenera kusonyeza umboni wake. Anandilangiza kuti ndisagulitsenso botolo la lebulo imeneyo mpaka nditadziwa zoona.

Tsiku lomwelo ndinaimbira foni bambo wa ku Lilongwe uja. Anaseka n'kundiuza kuti amene ndimagula ine ndi otchipa aja, a nkhumba ndi ng'ombe zosakaniza, ndipo anadabwa kuti ndani amafunsa zimenezo. Ndinakhala pansi pomwepo pabwalo, foni ili m'manja.

Inu owerenga, mpaka pamenepa mukhoza kunena kuti unali umbuli. Cholakwa changa chenicheni chinayamba pamene ndinadziwa. Inali nthawi yoti mwezi wa Ramadani watsala pang'ono kuoneka, ndipo amayi ndi anzawo anali atagula mabotolo okonzekera swaumu, kusala kudya kwa Asilamu, kuti azimwa pa daku, chakudya chija amadya kusanache. Mabotolo amene anali m'nyumba mwanga ndinawamatula malebulo n'kuwabisa m'katoni. Koma amene anali m'makomo mwa anthu ndinawasiya. Ndinadziuza kuti ndiitanitsa makapisozi a zomera, akabwera ndikasinthanitsa mwakachetechete, ndidzanena kuti ndabweretsa atsopano abwino kuposa akale. Palibe amene adzadziwe, palibe amene adzakhumudwe. Ndinadzinamiza kuti ndikuteteza mtima wa amayi, pamene ndinkateteza nkhope yanga.

Makapisozi a zomera aja anachedwa. Mwezi unaoneka, swaumu inayamba, masiku n'kumapita. Madzulo aliwonse amayi ankanditumizira mbale ya futari, chakudya chomasulira swaumu, monga amachitira chaka chilichonse, ndipo ine ndinkaidya ngati ndikumeza miyala. Ndinayamba kuwazemba. Ndikawaona akubwera pang'onopang'ono ndi mawondo awo aja ndinkapeza chochita kuseri. Tsiku lina anandipeza ndisanathawe, anandigwira tsaya n'kundiuza kuti chaka chino swaumu ikuwapepukira chifukwa cha makapisozi a Mkhristu wawo. Ndinamwetulira. Mulungu andikhululukire, ndinamwetulira n'kuwauza kuti zikomo.

Amuna anga ankadziwa zonse ndipo sanandikalipire. Anangondifunsa tsiku lina kuti kodi ndikudikira kuti amayi amalize botolo lonse, kapena ndikudikira kuti amve kwa munthu wina. Funso limenelo linandidzutsa. Mwezi wa swaumu unali utadutsa pakati.

Ndinawapeza masana ali pakhonde akusankha mpunga m'lichero, milomo itauma ndi ludzu. Ndinagwada patsogolo pawo, chinthu chimene sindinkachita kawirikawiri, ndipo anandifunsa mwanthabwala ngati ndabwera kudzapempha kulowa Chisilamu. Ndinawauza zonse, za mayi woyeza uja, za fungo la pambaula, za yankho la bambo wa ku Lilongwe. Mawu oti nkhumba anandivuta kutulutsa, koma ndinawatulutsa. Anaika lichero pansi mosamala, anadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba. Ndinawamva akulavula kwa nthawi yaitali. Mayi amene moyo wawo wonse sanakhudzepo ngakhale mpeni wodulira nyama imeneyo anali ataimeza pa daku tsiku lililonse m'mwezi wopatulika, kuchokera m'manja mwa ine.

Atabwerako anakhala pansi n'kundifunsa funso limodzi lokha: "Unadziwa liti?"

Bodza linali pafupi kwambiri. Ndikanatha kunena kuti dzulo. Koma ndinawauza kuti ndinadziwa mwezi usanaoneke. Anandiyang'ana n'kunena kuti: "Chimene munthu wameza osadziwa, Allah samuwerengera. Za m'mimba mwanga usadandaule nazo. Koma tsiku lija ndinakugwira tsaya, iwe umaganiza chiyani?" Ndinangolira ngati mwana, ndipo iwo sananditonthoze.

Ndinkayembekeza kuti andithamangitsa. M'malo mwake anavala mpango wawo, anandipatsa dengu n'kundiuza kuti tiyende. Anati anthu aja sanagule kwa ine, anagula kwa iwo, ndiye sangagone mabotolo ali m'makomo mwa anzawo. Ndinawapempha kuti akhale, ndipite ndekha, popeza dzuwa linali likuswa mtengo, iwo ali pa swaumu, mawondonso ali otupa. Anandiyankha kuti ndikapita ndekha sindikabwerako bwino.

Tinayenda khomo ndi khomo mumchenga wotentha. Paliponse amayi ankayamba ndi salamu, ankakhala pamphasa movutikira, n'kunena kuti abwera kudzapepesa chifukwa iwo ndi amene anabweretsa chinthu chosayenera m'nyumbamo. Dzina langa sankalitchula. Ine ndinkangoima ndi dengu, nkhope ili pansi, kulandira mabotolo. Ena ankagwira pakamwa, ena ankangoti Mulungu ndiye mwini, mayi wina anathamangira kuseri monga anachitira amayi. Pochoka pakhomo lililonse ndinkawagwira mkono kuti adzuke, ndipo ndinkamva thupi lawo likunjenjemera ndi kutopa. Sindinawaonepo akupepesa munthu moyo wanga wonse, koma tsiku limenelo anapepesa mudzi wathunthu chifukwa cha ine.

Khomo lovuta linali la Mayi Zainabu, munthu wolemekezeka pakati pa amayi a kumzikiti, amene ankapatsanso makapisoziwo amuna awo odwala. Atamva anaimirira n'kuyamba kukuwa kuti izi zachitika dala, kuti anthu a kutchalitchi akhala akuwaseka kumbali akuwadyetsa nkhumba m'mwezi wa swaumu. Anthu anayamba kusonkhana kumpanda, achinyamata ena nkhope zitasintha. Kwathu kuno Akhristu ndi Asilamu timakwatirana, timaikirana maliro, timatunga pamjigo umodzi, koma aliyense amadziwa kuti mawu ngati amenewo akhoza kuyatsa moto umene sungazime msanga. Mayi Zainabu anandiloza chala n'kufunsa amayi kuti anene pamaso pa anthu ngati ine ndinkadziwa.

Amayi anandigwira padzanja mwamphamvu mpaka kundipweteka. Anati: "Mwana wangayu sanadziwe. Wamva dzulo, lero wabwera kudzandiuza."

Anthu anakhulupirira nthawi yomweyo, chifukwa pamsika ponse amadziwa kuti Mayi Mwanaisha akakuuza kuti mpunga ndi wa chaka chatha ndiye kuti ndi wa chaka chatha, ngakhale malonda awaphonye. Mayi Zainabu anakhala pansi, analira pang'ono, kenaka anatulutsa botolo n'kuliponya m'dengu langa. Anthu a kumpanda aja anabalalika.

Ine ndi amayi tinabwerera. Tinafika kunyumba kwawo nthawi yomasula swaumu itayandikira, ndipo ndinawatungira madzi n'kuwaikira patsogolo. Azana yoitanira mapemphero itamveka kumzikiti anatenga kapu, anaigwira kanthawi osamwa, kenaka anati: "Nkhumba ija ndinadya osadziwa. Bodza ili ndanena ndikudziwa, ndili pa swaumu. Limeneli ndiye ndikayankha ndekha." Anamwa madzi aja, ananyema chitumbuwa pakati n'kundipatsa mbali ina. Anandiuza kuti ndidye, nkhope yanga yaipa ndi kulira.

Mawa lake ndinawauza kuti ndikufuna kubwerera kwa Mayi Zainabu kukanena zoona. Anandikaniza kwamtuwagalu. Anati ndikatero ndikawavula pamaso pa anthu, ndipo moto umene anazimitsa uyakanso. Ndinamvera. Lero ndikulemba izi iwo atandilola, ndipo anati ndilembe zonse osasiya mbali yanga, kuti ena asadzapangitse amayi awo zimene ndinawapangitsa ine.

Bizinesi ndinaiimitsa kwa miyezi ingapo. Panopa ndinayambiranso, koma pang'ono. Masamba ndimayanika pamthunzi ngakhale achedwe, makapisozi ndimawayeza pasikelo, zigoba zake ndi za zomera ndipo ndinaona umboni ndi maso anga. Lebulo yanga ya tsopano ndi yaifupi, yosakongola, koma chilichonse cholembedwapo ndikhoza kuchiimira. Mawu oti halali sindinawabwezerepo, ndikudikira kuti amene ali ndi udindo woona zimenezo adzaone okha. Makasitomala ena anabwerera, ena sanabwerere, ndipo sindiwaimba mlandu.

Inu amene mumapanga ufa wa chammwamba, wa malambe, tiyi wa chidede ndi zina zotero, ndikukupemphani ngati mnzanu. Munthu amene akugula botolo lanu sangaone m'kati mwake, akudalira kapepala kanu basi. Musakopere manambala a pa botolo la wina, chifukwa masamba anu anauma pabwalo lanu, osati pa lake. Pitani nazoni zinthu zanu kwa oyeza musanasindikize lebulo, osati mutagulitsa kale. Funsani za chilichonse chimene munthu adzameze, ngakhale chigoba chimene mukuchiona ngati chovala chabe. Mawu okhudza chipembedzo cha anzanu musawalembe chifukwa akukometsa malonda. Inunso ogula, funsani mafunso ngakhale wogulitsayo ndi m'bale wanu, yang'anani chidindo cha oyeza, ndipo zinthu zimenezi zisalowe m'malo mwa mankhwala amene munapatsidwa kuchipatala.

Koma chachikulu ndi ichi. Mukazindikira kuti mwalakwitsa, kanenani tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe. Ine ndikanapita nditangomva, amayi akanayankha Mayi Zainabu mawu omwe aja, ndipo akanakhala oona.

Idi itafika anthu anavala zatsopano, anaphika mpunga wa nyama, swaumu inatha kwa aliyense. Patapita masiku ochepa ndinapita kwa amayi masana nditawatengera nthochi zakupsa, ndipo anandiuza kuti ndiziike m'nyumba adya madzulo. Ndinawapeza milomo itaumanso. Mwana wawo wamkazi anandinong'oneza kuti shehe anawauza kuti sikofunika kubweza masiku a swaumu chifukwa cha bodza lija, kulapa kokha n'kokwanira, koma iwo anakana kumva. Anapitiriza kusala okha, mudzi wonse ukudya. Ndinakhala nawo pakhonde masana onsewo tikusankha mpunga, ndipo nanenso sindinadye kanthu mpaka iwo atamwa madzi.